Chuku Chakuda Kuchipinda kwa Alangizi

Chinayamba ndi kuyetsemula. Inali sabata yachiwiri ya Januwale, mvula itagwa masiku asanu osapumira, ndipo m'mawa uliwonse ndikangodzuka ndinkayetsemula motsatizana mpaka nkhuku kuthawa pakhomo. Mphuno zinali chuchuchu, maso akuyabwa ngati ndasenda anyezi. Ndinati ndi chimfine cha mvula. Pofika kumapeto kwa mweziwo chinatsikira pakhosi, kenako pamtima, n'kukhala chifuwa chouma, chosatulutsa kanthu koma chosalola munthu kumaliza mawu.

Kwa ena chifuwa ndi chifuwa basi. Kwa ine kunali kundilanda khasu m'manja, chifukwa ndine mlangizi. Kuno kufupi ndi Chalimbana, kumene tinakhazikika titachoka ku Katete, mtsikana akafuna kulowa m'banja amabwera naye kwa amake Vaileti, ndiye ineyo. Ndalangiza zaka zoposa makumi awiri, ndipo ndinkadziwika ndi zinthu ziwiri: ukhondo ndi mwambo. Phunziro limene ndinkalimenya kwambiri ndi la kuchipinda. Kogona munthu wamkulu sikulowa mwana wotha msinkhu, sikulowa mnansi, sikulowa abusa, ndipo mkamwini asayerekeze n'komwe kukutchula. Zimenezi sindinkangozilankhula ayi. Chimwalirireni amuna anga zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, panalibe phazi la munthu wina limene linaponda m'chipinda changa. Kiyi wake ankakhala womangidwa pansonga ya chitenge.

Nyumba yathu ndi yakalekale, inali ya akapitawo a pafamu ife tisanabwere n'komwe. Makoma ake ndi okhuthala, mawindo ndi ang'onoang'ono, ndipo chipinda changa chinayang'ana kudambo, pansi pa mtengo waukulu wa mango umene sulola dzuwa kukhudza khoma.

Ndinachita zimene aliyense amachita: mandimu, jinja, adyo, uchi. Zitakanika ndinayamba kufukiza. Ndinkawiritsa masamba a bulugamu ndi a gwafa mumphika waukulu, kulowa nawo kuchipinda, kudzifunda bulangete, thukuta kamukamu, kawiri pa tsiku. Kuti mphepo isandipeze ndinatseka windo, n'kutsekanso timabowo ta mpweya ta pamwamba tija ndi manyuzipepala. Nthunzi inkachita kutsetsereka pakhoma, ine n'kumati eya, mankhwala akugwira. Ndinaonanso kuti ndikapita kudimba kapena kutchalitchi chifuwa chimaleka, ndikabwera n'kugona chimayambiranso. Munthu wanzeru akanaima pamenepo n'kuganiza. Ine ndinati ndiye kuti kuyendayenda kukunditopetsa, ndiyenera kumagona kwambiri.

Pakati pa Febuluwale ndinachita manyazi oyamba. Ndinali kulangiza mtsikana wina wa ku Kasisi, ng'oma ikulira, azimayi akuomba m'manja. Nditangotsegula pakamwa kuti nditsogolere nyimbo, chifuwa chinandigwira mpaka ndinagwada. Nditadzutsa mutu ndinapeza azakhali ake a mtsikanayo atasendeza mpando wawo kufika pakhomo, chitenge chili pamphuno. Sabata yotsatira banja lina limene linandipangana kale linatumiza uthenga woti apeza mlangizi wina. Zinandiwawa kwambiri, sindinama.

Mwana wanga Vaileti, amene anakwatiwa pafupi pomwepa, ndiye anandikakamiza kupita kukiliniki. Tinafika mamawa koma tinapeza benchi itadzaza kale. Kulembetsa kadi, kukwera sikelo, kumangidwa chopimira magazi pamkono, kenako kudikira mpaka dzuwa kufika pamutu. Ba sista atandifunsa kuti matendawa ayamba liti, ndinati masabata asanu. Anaika bolopeni pansi.

"Masabata asanu, amai? Nanga munali kuyembekeza chani, Khirisimasi?"

Anandipatsa kabotolo koti ndikalavuliremo makhololo kuseri kwa kiliniki, kuti akapime TB. Kuseriko ndinapezako atsikana awiri amene ndinawalangiza ndekha, akudikira sikelo ya ana. Anagwada kundipatsa moni, ine nditagwira kabotolo kumbuyo ngati ndaba. Patapita masiku atatu zotsatira zinabwera: TB palibe. Anandipimanso magazi, nawonso anali bwino. Anandipatsa mapilisi a masiku asanu, ndinamwa onse mokhulupirika, koma chifuwa sichinasunthe.

Mu Malichi zinthu zinafika poipa. Ndikapuma pamtima pankalira tsiii, ngati mwana wa mphaka watsekeredwa mukabati. Kuchoka pakhomo kufika pachitsime ndinkapumira kawiri. Lachiwiri lina m'mawa ndinayamba pemphero la Atate Athu koma mpweya unandithera ndisanafike pa chakudya chathu chalero. Pamenepo ndinachita mantha enieni. Ndinakwawa kufika pakhonde, ndinakhoma chitseko cha kuchipinda kaye, inde, ndinakhoma, kenako ndinaimbira foni Vaileti.

Anabwera ndi amuna ake, a Tembo, pa kalole kawo. A Tembo ndi mmisiri womanga nyumba, munthu wofatsa, ndipo pa zaka khumi ndi chimodzi zimene akhala ndi mwana wanga sitinayang'anizanepo m'maso. Tikakumana panjira iwo amapatukira m'tchire n'kunjuta, ine ndimayang'ana kumbali, moni timapatsana chotalikirana. Ndi mmene ziyenera kukhalira pakati pa apongozi. Tsono tsikulo Vaileti anati ndikhale kutsogolo. Kutsogolo, phewa ndi phewa ndi apongozi? Ndinalibe mpweya wokanira, koma ndinaupeza. Ndinapita kuchipatala cha boma nditakhala kumbuyo pamatumba a simenti, Vaileti atandigwirira ambulera.

Anandigoneka masiku anayi. Anandiveka chigoba pamphuno chotulutsa nthunzi ya mankhwala, anandijambula pachifuwa, anandibaya jakisoni. Moyo wa mu wodi ndi wa ndondomeko: m'mawa kupimidwa kutentha, kenako okolopa, kenako madokotala kuzungulira, masana odzazonda odwala kukhamukira ndi mafulasiki. Tsiku lachiwiri ndinali kupuma bwino. Tsiku lachitatu ndinali nditayamba kale kulangiza mayi wa pabedi loyandikana za kapindidwe ka zofunda. Ananditulutsa atandipatsa kampope kopopera mkamwa. Ndinabwerera kuchipinda kwanga, ndinatseka windo kuti mphepo isandibwezere matenda, ndipo patangopita masiku atatu ndinali pamatumba a simenti kachiwiri.

Ulendo uno anandiona dokotala wamkazi, wamng'ono kuposa Vaileti. Anawerenga fayilo yanga nthawi yaitali, kenako anakoka mpando n'kukhala.

"Amai, kuno mupola, kunyumba mudwala. Niuzeniko za chipinda chamene mugonamo."

Kamwana aka kakufunsa za kuchipinda kwanga pamaso pa wodi yonse?

"Ba dokota, ine nine mlangizi. Pansi pa nyumba yanga mungadyelepo chakudya."

"Sininafunse za pansi. Nafunsa za chipupa. Chimanyowa? Pali vakuda-vakuda? Mukalowa mumamva fungo monga la chinsalu chonyowa?"

Ndinati ayi. Mulungu andikhululukire, ndinanama mutu uli gwa. Zakudazo ndinkazidziwa bwino lomwe. Zinayambira pakona chaka chimene amuna anga anamwalira. Disembala aliyense ndinkazipaka laimu, Febuluwale aliyense zinkabwerera zitaitana ndi abale awo. Zitakula ndinakankhirapo wadiropu. Zitatulukira m'mbali ndinakhomapo makalendala a tchalitchi, mpaka khoma lonse linali zaka zakale zokhazokha.

Dokotala uja sanandikakamize. Anangofotokoza modekha kuti pakhoma lonyowa pamamera chuku chakuda, chimodzimodzi chimene chimamera pa buledi wogonera, ndipo chimatulutsa fumbi losaoneka limene limatupitsa njira za mpweya mwa anthu ena. Anati mankhwala angathe kundithandiza lero, koma ndikabwerera m'chipinda chomwecho ndidzabwereranso kwa iye, ndipo tsiku lina galimoto idzachedwa. Anauza Vaileti kuti ndisagonenso kwathu mpaka munthu ataona chipindacho.

Choncho ndinakakhala kwa Vaileti, ndiye kuti m'nyumba ya apongozi. Abale inu, chilango chimenecho sindichifunira ngakhale mdani. Nyumba ndi ya zipinda zitatu, kanjira kapakati n'kamodzi. A Tembo ankatsokomola dala asanatuluke kuti ndidziwe, ine ndinkatsokomola zenizeni, ndiye palibe ankadziwa amene akuchenjeza mnzake. Tsiku lina tinakumana pakati pa kanjirako. Iwo anabwerera chafutambuyo n'kulowa m'bafa, anakhalamo mpaka Vaileti anakagogoda. Koma chifuwa chinayamba kuchepa tsiku ndi tsiku, ndipo izi zinkandikwiyitsa chifukwa zinkatanthauza kuti kamwana ka dokotala kaja kananena zoona. Vaileti anandipempha kiyi katatu. Katatu konse ndinamufunsa ngati anakulira m'nyumba mwanga kapena kutchire.

Amene anandigonjetsa ndi bana Chanda, mnansi wanga wa Chibemba. Abemba ndi ife a kum'mawa tili pachimbuya: timanyozana popanda mlandu, pamaliro athu ntchito amagwira ndi iwo, ndipo palibe chitseko chimene mbuya sangatsegule. Anabwera kudzandizonda Lachisanu, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Shani, iwe wodya mbewa? Nimvela ati ufuna kufa na kiyi mu chitenge. Ufuna tikakushike nayo kumanda?"

Ndinati apite akadye anyani awo. Ndisanamalize anali atagwira kale nsonga ya chitenge changa, akumasula mfundo ndi mano. Ndinalibe mphamvu zolimbana nawo, komanso mwambo womwewo umene ndimauteteza ndi umene unawapatsa ufulu. Anapita. Patatha ola limodzi anabwerera akuyetsemula, maso ali psuu.

"Awe mwandi! Alangizi athu alima bowa kuchipinda! Chipupa chakuda kufika mu chiuno. Matilesi pansi yaola. Nsapato zako za ku chechi zamela ubweya, nenze nifuna kuziponyela chimanga."

Anandibwezera kiyi, nati pakufunika mmisiri. Ndinawachonderera kuti asauze munthu. Analumbira. Pofika Lamlungu nkhani inali itafika ku Palabana, ndipo kumeneko bowa uja anali atakula mpaka kudzaza dengu.

Masiku awiri sindinadye bwino. Dzina limene ndinalimanga zaka makumi awiri linali litagwa ndi sabata imodzi. Kuitana mmisiri wachilendo kunali kuonjezera pakamwa pena. Kuitana apongozi kunali kuphwanya ndi manja anga chinthu chimene ndaphunzitsa atsikana mazanamazana. Ndinkangozungulira pakati pa ziwirizi, ndipo paja amati mapanga awiri avumbwitsa.

Lachitatu masana ndili pakhonde, a Tembo anabwera n'kunjuta kumapeto kwa khondelo, nkhope atalozetsa kukhola la mbuzi. Vaileti anakhala pakati pathu. Ankalankhula kwa mkazi wawo ngakhale kuti ine ndinali pomwepo, makutu anga ali bwinobwino.

"Uzani amai kuti chipupa chija ninachiona kudala. Ichi ni chaka chachitatu."

Anafotokoza kuti poyenda panja ankaona khoma lakudambo lili lobiriwira m'munsi. Gata wa padenga anathyoka pakona, ndiye madzi onse a mvula ankathira patsinde pa khomalo, ndipo nthaka inapendekera kunyumba m'malo mopendekera kunja. Anati mmisiri aliyense akaona zotero kunja amadziwa zimene zili mkati. Anati inali ntchito ya tsiku limodzi akanaigwira nthawi imeneyo.

Ndinaiwala zoti ndilankhule kudzera mwa Vaileti. Ndinafunsa molunjika kuti nanga osanena bwanji zaka zitatu zonsezi, ine ndikufa?

A Tembo anapitiriza kuyang'ana mbuzi. Amene anayankha ndi Vaileti.

"Ananiuza, amai. Kawili. Manje ine ninayopa. Ninati nikakuuzani muzanifunsa kuti amuna ako aziba bwanji va kuchipinda kwanga. Ndimwe munatiphunzitsa."

Ndinafuna kukalipa koma ndinasowa womukalipira. Mwana wanga ndi mwamuna wake anaona ndikulowa m'dzenje, ndipo chimene chinawatseka pakamwa ndi ulemu umene ndinawaumiriza ine mwini. Anali ophunzira anga abwino kuposa onse. Ndinalira, ndipo sindichita manyazi kunena.

M'mawa mwake ndinamasula kiyi uja. Mwamwambo ndikanamuika pambale kuti Vaileti akapereke. Sindinatero. Ndinayenda ndekha mpaka pamene a Tembo ankakweza mchenga m'kalole, ndinati tambasulani dzanja, n'kuwaika m'chikhatho. Munthu wamkulu, wa ndevu zake, anabweza dzanja modzidzimuka mpaka kiyi anagwera mumchenga, ndipo tonse awiri tinawerama kumufunafuna, mitu pang'ono kugundana.

Komabe anakana kulowa bedi lili momwemo. Apa bana Chanda anabwera ndi lamulo lawo: "Bedi ikachoka si chipinda futi, ni sitolo chabe." Zaka zonse za ulangizi wanga lamulo limeneli sindinalimvepo, ndipo ndikukayika ngati Abemba enieniwo amalidziwa. Koma ndinalilandira ndi manja awiri. Bana Chanda ndi azimayi awiri a kutchalitchi anavala mamasiki, anatulutsa bedi, wadiropu ndi makalendala onse. Matiresi tinataya, pamodzi ndi nsapato zaubweya zija. Zovala zinachapidwa n'kuyanikidwa padzuwa masiku atatu, mudzi wonse ukudutsa kudzaona ngati kuli chionetsero.

A Tembo anagwira ntchitoyo atavala masiki ndi magolovesi, ine atandiletsa kuyandikira. Anagumula pulasitala yense wovunda, anatsuka njerwa ndi madzi a jiki, anazula manyuzipepala anga m'timabowo tija. Anakonza gata, anakumba ngalande yopatutsa madzi, anathira simenti kuzungulira tsinde la khoma, anadula nthambi za mango ndi kukulitsa windo. Kenako anasiya khomalo liume mwezi wa Meyi ndi Juni wonse asanapakenso pulasitala. Anatumiza uthenga kudzera kwa Vaileti woti kupaka laimu pamwamba pa chuku n'chimodzimodzi kuvala diresi yatsopano osasamba. Ndikukhulupirira kuti mawu amenewo anawonjezera ndi Vaileti, apongozi sangandinene choncho.

Ndinabwerera kwathu mu Julayi. Tsopano mvula ina yadutsa yathunthu ndipo sindinagonekedwenso. Kampope kaja ndimayenda nako m'chikwama, koma pamatha milungu osakagwira. Kukiliniki ndimapita tsiku limene andilembera, osadikira kuti andinyamule. Kudimba ndimafika osapumira, ndipo nyimbo ndikutsogoleranso. Mabanja ena anabwerera kudzandipempha ulangizi, ena sanabwerere, ndipo ana a ku Palabana mpaka lero amanditchula ambuya a bowa. Ndinazolowera, bola ndikupuma.

Kwa anzanga okhala m'nyumba zakale, makamaka za m'mbali mwa madambo, ndikuti: chifuwa chikapitirira masabata awiri pitani kuchipatala, musachedwe ndi miphika ya bulugamu monga ine. Mukaona kuti mukachoka panyumba mukupeza bwino, mukabwerera mukudwala, kawauzeni adokotala zimenezo. Akakufunsani za kumene mumagona, yankhani zoona. Sendezani wadiropu muone kumbuyo kwake, tsegulani mawindo, ndipo zakuda zikaoneka pakhoma funani kumene kukuchokera madzi, osati kumene kukugulitsidwa laimu. Ulemu ndi wabwino, ndipo ndidzauphunzitsa mpaka kufa. Koma musaopseze anthu anu mpaka afike poopa kukuuzani kuti nyumba ikukudwalitsani.

Sabata yatha a Tembo anabwera kudzaona ngalande ija. Ndinatuluka, ndinakhala pampando, n'kuwaitana ndekha. Ananjuta patali monga mwa nthawi zonse. Ndinati apongozi, kuyambira lero mukaona chinthu cholakwika pakhomo pano muzindiuza ine mwini, osadikira zaka zitatu. Anavomera ndi mutu. Anayamba kukanda pansi ndi kamtengo, ine n'kumaganiza kuti mawu anga awakhudza mtima. Kenako anakonza kukhosi, maso ali pansapato zawo.

"Amai, ngati n'telo... chimbuzi chanu nacho chinapendama. Ichi ni chaka chachiwili."

Ndinaseka mpaka kugwira m'nthiti, ndinaseka mpaka bana Chanda anasuzumira pampanda kufunsa ngati ndapenga. Ndipo kuseka konseko sindinatsokomole ngakhale kamodzi. A Tembo akuyamba kukumba chimbudzi chatsopano Lolemba.